Kamgwalangwa ka m'ming'alu ya thanthwe: masiku asanu ndi awiri a ulendo wa ku Angónia

Lolemba, ku Tete

Mawa m'mamawa ndikukwera chapa, minibasi ya kuno, kupita kwathu ku Angónia. Alongo anga anaimba foni sabata yatha kuti mizere anamaliza kuunga, mbewu ya chimanga ili m'nyumba, chatsala ndi mvula ndi manja obzala. Popeza choko ndinatula pansi, ndinawauza kuti manja angawa awawerengere.

Koma palinso china chimene ndikupitira, ndipo n'chimene ndizikulemberani masiku amenewa.

Chaka chatha mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Biologia kalekale ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Kanali kachomera kotalika ngati chala chamkombaphala, kotuluka mumng'alu wa mwala, masamba ake atatambasuka ngati a mgwalangwa. Anafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mgwalangwa umamera pamwala?" Panapita masiku atatu ndisanamuyankhe. Nditafufuza ndinapeza kuti si mgwalangwa ayi. Ndi chomera cha gulu lija Achingerezi amati fern, ife m'kalasi tinkati feto monga mwa Chipwitikizi. Zinandilasa mtima. Zaka zonse zija ndinkajambula pabolodi feto wa m'buku, wa tsamba lalitali looneka ngati nthenga ya tambala, ana n'kumakopera m'makope mwawo, pamene feto wathuwathu anali pamiyala imene anawo ankakhalapo podya mabolo awo. Palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene ndinawatulutsa panja kuti akamuone.

Dzina lake la sayansi ndi Actiniopteris. Ndi mawu awiri a Chigiriki olumikizidwa: loyamba limatanthauza cheza cha dzuwa, lachiwiri limatanthauza feto. Amene anatcha dzinali anaona bwino, chifukwa tsamba lake limamwazika kuchokera pamalo amodzi ngati dzuwa limene ana amajambula. Ine ndimangokatchula kuti kamgwalangwa ka pamwala, potsatira funso la mtsikana uja.

Madzulo ano, dzuwa litapepa, ndinawoloka mlatho wa Samora Machel kupita tsidya la Matundo, n'kukwera kachitunda kena ka miyala komwe mbuzi zimaswera. Kuno Novembala ndi ng'anjo. Masana kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale nthawi imene ndinafikayo mwala unali wosatheka kuutsamira ndi dzanja. Nyenje zinali pakalikiliki kulira. Zambezi kumunsi ali phee, ngati sakuyenda.

Ndinakapeza m'ming'alu ya mbali imene dzuwa la masana silifikako kwenikweni. Munthu wosakadziwa angati ndi udzu wopserera. Tizala ta tsamba lililonse tinali titasonkhana pamodzi ngati ambulera yotseka, tili mbuu, touma gwa. Koma chimene ndinkafuna kuona ndi pakhosi, pamene kaphesi kamakumana ndi tsamba. Pamenepo tsamba lililonse linali litapindika kwambiri, mutu kuloza pansi, monga achitira munthu amene tulo tamugonjetsa pamaliro usiku. Kupindika koteroko ndi chizindikiro cha mtundu wotchedwa Actiniopteris radiata, umene umakonda malo otentha ndi ouma, ndipo umapezeka kuyambira kuno ku Africa mpaka ku Arabia ndi ku India.

Ndinathyolako tsamba limodzi lokha, n'kuliika pakati pa kope. Tsinde sindinalikhudze. Ndikufuna kukaliyerekeza ndi la kumudzi.

Lachiwiri, panjira

Chapa inanyamuka itadzaza mpaka pakhomo. Cobrador anandipatsa mpando wa pawindo, akuti, "Khalani apa, tio, mphepo izikupezani." Tinawoloka Revúbuè, tinadutsa Moatize ndi fumbi lake la malasha, kenako msewu wa N7 unatitenga pakati pa mitengo ya tsanya ndi milambe. M'mbali mwa msewu matumba a makala ali ndandanda, mudzi ndi mudzi.

Pa Mussacama tinasiya msewu wopita ku Zóbuè n'kukhotera mu N304, ndipo kuyambira pamenepo ulendo ndi wa chitunda chokhachokha. Tete ali pansi, mamita osakwana 200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene Ulónguè, likulu la Angónia, ali pamwamba, mamita opitirira 1,000. Kusiyana kumeneku thupi limayamba kukumva maso asanakuone. Thukuta limauma, munthu umayamba kufuna kutseka windo. Milambe imatha, mombo ndi msuku zimayamba, ndipo matanthwe akuluakulu amayamba kuonekera pakati pa minda yofiira. Thanthwe lililonse limene tinkadutsa, maso anga ankathamangira m'ming'alu yake.

Chinanso chimasintha ndi chilankhulo. Ponyamuka, m'chapa munali Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Anthu akamatsika ena n'kumakwera, Chichewa chimachulukirachulukira, mpaka pofika ku Ulónguè ngakhale cobrador yemwe uja anali akuti, "Otsika pamsika konzekani." Ndinagula masuku a mameticais ochepa kwa kamtsikana kena pawindo, oyamba kulawa chaka chino.

Pa Ulónguè ndinapeza mphwanga, mwana wa alongo anga, akundidikira ndi mota, njinga yamoto ija. Tinafika kumudzi kutada, phiri la Dómuè likungooneka mthunzi wake wokha. Nsima ya mgaiwa, nyemba ndi mfutso. Ndagona ndi bulangeti, chinthu chimene ku Tete sindinachikhudze miyezi itatu.

Lachitatu, pathanthwe la kuseri kwa mudzi

Kumwamba kuli mbee, mvula kulibe. Choncho lero ndinali ndi tsiku lonse.

Kuseri kwa mudzi wathu kuli thanthwe lalikulu, lotambalala, pamene amayi amayanika ufa ndi mphale kuyambira makolo athu. Ndili mwana ndinkatumidwa kukakhala pamenepo kuingitsa nkhuku ndi mbuzi. Ndikati ndiwerenge maola amene ndinakhala pathanthwe limeneli, angakwane miyezi. Lero ndinakwerapo ndi lupa m'thumba, kagalasi kokuza zinthu kaja, ndi mphwanga pambuyo atanyamula foni yojambulira.

Sitinayende mtunda. Kumunsi kwa thanthwe, pamene mwala wina unagona pamwamba pa unzake n'kusiya kampata kokhala ndi tidothi takuda, tinali tambirimbiri, tili m'timagulu ngati tamanga mfundo. Mphwanga anayang'ana, n'kuyang'ananso ine.

"Amalume, zimenezi? Zimenezi si zakufa izi?"

"Gwada, mphwanga. Usayambe ndi foni, yamba ndi maso."

Tinagwada tonse. Ndinamuuza kuti atenge tsamba limodzi, alitsate ndi chala kuyambira pansi. Poyamba pali kaphesi kowonda ngati udzu wa tsache, kotuwa ngati phesi louma, koma chakumunsi n'kodera. Kaphesi kameneka kalibe timasamba m'mbali ngakhale kamodzi, n'kosalala mpaka pamwamba. Izi zokha zimasiyanitsa kale ndi feto wa m'buku uja, amene timasamba take timandanda mbali ziwiri za msana ngati nthenga. Kwa kamgwalangwa zonse zimachitikira kunsonga.

Ndipo kunsongako ndi kumene kuli chizindikiro chachikulu. Tsamba limachita mphanda: limagawika pawiri. Nthambi iliyonse imachitanso mphanda pawiri, ndipo iliyonse ya zimenezo pawirinso. Chimodzi chimabala ziwiri, ziwiri zinayi, zinayi zisanu ndi zitatu. Mphanda zake n'zoyandikana kwambiri pafupi ndi khosi, n'chifukwa chake ukayang'anira patali umaganiza kuti tizala tonse tatuluka pamalo amodzi ngati ta mgwalangwa. Koma ukatsegula ndi chikhadabo pang'onopang'ono, umaona kuti ndi mphanda pamwamba pa mphanda. Mphwanga anatsegula limodzi mosamala kuti lisathetheke, akuwerenga chapansipansi. Anapeza tizala 12, tonse towonda, osaposa kamtengo ka machesi m'lifupi.

Kenako ndinamufunsa kuti, "Masamba a pamfundo imodziyi, kodi onse n'ngofanana?"

Anakhala chete kanthawi. "Ayi. Ena n'ngaafupi, ali pansi. Ena atalika kwambiri, aposa anzawo mwina kawiri. Ndipo aataliwa tizala tawo n'titalititali, koma n'tochepa."

Apo ndiye anali atagwira mutu wa nkhani. Mtundu wa kumudzi kunowu umabala masamba a mitundu iwiri patsinde limodzi. Aafupi ntchito yawo n'kupanga chakudya ndi dzuwa basi. Aatali ndi obereka. Amakwera pamwamba kuti mphepo izinyamula fumbi lawo loberekera mosavuta. N'chifukwa chake umatchedwa Actiniopteris dimorpha, kutanthauza wa maonekedwe awiri. Anaupatula ku mitundu inzake ndi katswiri wa zomera wa ku Italy, Rodolfo Pichi Sermolli, mu 1962.

Ndinatulutsa tsamba la ku Matundo m'kope n'kuligoneka pamwala pambali pa la kuno. Onse ndi a mbumba imodzi, koma si munthu mmodzi. La ku Tete tizala take n'tambiri ndiponso tothithikana. Titawerenga tinapeza 31. Khosi lake lapindikiratu, mutu pansi. La kunoli tizala n'tochepa, ndipo ngakhale lauma chimodzimodzi, langopendekera kumbali, silinagwetse mutu. Ndipo kwa radiata masamba obereka ndi osabereka sasiyana kwambiri msinkhu monga achitira kwa dimorpha.

Chotsiriza tinaona ndi tsinde. Sitinazule. Ndinangopatula tidothi ndi kamtengo mpaka katsinde kanaonekera, kogona chogona mumng'alu, kakafupi, kokutidwa ndi timamba towonda. Pa lupa kamamba kalikonse kali ndi mzere wakuda pakati, m'mbali mwake motuwa. Mphwanga anakhala nayo lupa nthawi yaitali osafuna kubweza. Titatha tinabwezera tidothi tija pamalo pake.

Tikutsika, tinapeza alongo anga akuanula ufa. Anatifunsa chimene tinkagwadira tsiku lonse ngati tili m'pemphero. Mphwanga anawafotokozera zonse, mphanda, tizala, khosi, mwadongosolo kuposa mmene ndikanafotokozera ine. Iwo anapukusa mutu akumwetulira, amvekere, "Achimwene, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine zaka zonsezi ndimaziponda zimenezo."

Lachinayi

Mitambo inasonkhana masana chakumpoto, inachita bii, kenako mphepo inaimwaza. Anthu m'mudzi akungoyang'ana kumwamba.

Ndinapita ndekha mbali ina ya thanthwe, ya kum'mawa, yomwe dzulo sitinafikeko. Kumeneko ndinapeza mnansi wake wa kamgwalangwa, amene ndiyenera kumutchula chifukwa amakonda kumera malo amodzimodzi ndipo anthu angawasokoneze akauma. Dzina lake ndi Pellaea calomelanos. Ameneyu ukamuona kamodzi sumuiwala. Kaphesi kake n'kakuda bii, konyezimira ngati waya wopaka vanishi, kolimba koma kothyoka msanga. Timasamba take si tizala ayi, n'tobulungira mwa makona atatu ngati khutu la mbewa, tokhuthala ngati chikopa, totuwa mobiriwira. Liwu loti calomelanos limanena za kukongola ndi kuda, ndipo kaphesi kameneko n'kokongoladi. Choncho ukapeza feto wouma pamwala, yang'ana kaphesi kaye. Kakakhala kakuda konyezimira, si kamgwalangwa. Kakakhala kotuwa ngati udzu, tsata mpaka kunsonga ukafune mphanda.

Koma chimene ndatsala nacho mumtima lero ndi china. Mbali ya kum'mawayo thanthwe likudyedwa. Anthu akuswa miyala yogulitsa kwa omanga nyumba ku Ulónguè. Amasonkha moto pamwala kuti ung'ambike, kenako amauswa ndi nyundo n'kuunjika milumilu m'mbali mwa njira. Ndipo miyala yosavuta kutsegula ndi yomwe ili kale ndi ming'alu, yomweyo imene mumamera timafeto. Pamalo pena ndinaona mfundo yonse itagwera pansi pamodzi ndi dothi lake, itapsa mbali imodzi.

Panali mayi wina wachikulire atakhala pansi, miyendo atatambasula, akuswa miyala ndi kanyundo, nsanza atakulunga kuzala. Ndinawapatsa moni, ndinakhala nawo pansi.

"Mayi, ntchitoyi mwayamba liti?"

"Chimwalirireni bambo a kunyumba, aphunzitsi. Feteleza sagula ndi pakamwa."

Sindikanatha kuwauza kuti asiye. Amene sanagwirepo nyundo ija kuyambira m'mawa mpaka madzulo alibe pakamwa ponenera zimenezo. Ndinangowaonetsa kamgwalangwa kamene kanali pamwala wa kumbuyo kwawo, ndi kuwauza kuti n'kamoyo, kakudikira mvula monga tikudikira tonsefe. Anakayang'anitsitsa, n'kunena kuti amakadziwa, kamabiriwira nthawi ya dzinja. Ndinawapempha kuti ngati n'kotheka, mwala umodzi wokhawo ausiye. Anati miyala ilipo yambiri, umenewo sautsata. Mawa ndikalankhulanso ndi a mfumu, chifukwa mbali ya kumadzulo, yoyanikapo ufa, ndi ya mudzi wonse, ndipo ikasungika timafeto ta kumeneko tasungika nawo.

Lachisanu

Yagwa! Inayamba cha m'ma 2 koloko usiku ndi mabingu, kenako inakhazikika, yamvumbi, mpaka tambala wachiwiri. Ndinagona maso ali gwa, kumvetsera ikuwomba malata, fungo la dothi lonyowa likulowa pansi pa chitseko.

Mtima unali kuthanthwe, koma manja ndinalonjeza. Kutangoyera tonse tinali m'munda: mphwanga patsogolo ndi khasu kutema mapando, alongo anga ndi ine pambuyo kuponya mbewu ndi kukwirira ndi phazi, adzukulu awiri akubzala nyemba ndi maungu. Mudzi wonse unali m'minda, moni tinkapatsana mofuula kudumpha mizere. Tinaweruka dzuwa litapendeka, msana utakana.

A mfumu ndinawapeza akuchokera kumunda kwawo, matope mpaka m'mawondo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti nkhani ya thanthwe loyanikapo ufa amayi anaidandaula kale, ndipo aikamba pabwalo kubzala kukatha.

Chakumadzulo ndinathamangira kuthanthwe, kusanade. Kuwala kunali kochepa, koma ndinaona. Tizala tija tayamba kulekana, ngati dzanja la khanda likamatseguka m'tulo. Mtundu wa mbuu uja wayamba kulowa msipu kuyambira pakhosi kupita kunsonga. Sindinakhudze kanthu.

Pobwerera ndinapeza ana atazungulira chulu ndi zitini ndi miyuni ya udzu. Ngumbi zatuluka.

Loweruka

Lero ndinapita ndi gulu. Mphwanga anali atalengeza, ndiye panali adzukulu awiri aja, anzawo anayi, ndi alongo anga omwe, atati akufuna akaone chimene chinagwaditsa achimwene awo.

Ndilibe mawu okwanira. Paja Lachitatu panali zinyalala zotuwa, lero pali biriwiri, mng'alu wonse kuyambira uko mpaka uko. Masamba omwe aja, osati atsopano ayi, omwe aja amene mphwanga anati n'ngakufa, aimirira, atambasula tizala tawo ngati timigwalangwa ta m'dziko la nyerere. Timadontho ta madzi tili lende kunsonga. Mdzukulu wamng'ono anafunsa ngati tinabwera usiku kudzabzala.

Zomera zambiri zikataya madzi ochuluka m'masamba zimafa, n'chifukwa chake chimanga chikafota kupitirira muyeso sichidzukanso ngakhale mvula ibwere. Kamgwalangwa kali m'gulu la zomera zochepa zimene zimalola kuuma pafupifupi kotheratu, n'kuimitsa ntchito zonse za m'thupi, n'kukhala choncho miyezi. Madzi akabwera, masamba omwewo amamwa n'kuyambanso ntchito patangopita tsiku limodzi kapena awiri. Kumeneko ndiye kupirira kumene kumakalola kukhala mumng'alu mmene dothi lake silingadzaze chikho, mmene zomera zina zambiri zikanapserera mu Okutobala.

Tsamba likatambasuka, zizindikiro zimene Lachitatu tinkazivutikira zimaoneka zokha. Ndinawagawa ana awiriawiri. Ndinati apeze tsamba lalifupi ayang'ane kunsonga kwa kachala kalikonse. Anapeza timano tating'onoting'ono, tiwiri kapena titatu, ngati kachalako kanadulidwa ndi sizasi yobuntha. Kenako tsamba lalitali: kunsonga kwake kulibe timano totero, kachala kamathera mosongoka.

"Tsopano litembenuzeni. Feto aliyense chinsinsi chake chili kunsi kwa tsamba."

Kunsi kwa kachala ka tsamba lalitali, m'mphepete monse mwapindikira mkati, mbali zonse ziwiri, ngati mpendero wa nsalu umene telala wapinda koma sanasoke. Ndinatsegula mpenderowo ndi nsonga ya singano, mdzukulu wamkulu atagwira lupa. Anakuwa, "Agogo, muli timazira!" Si timazira, koma sanalakwe kwambiri. Ndi timatumba tofiirira, tondandana m'litali mwa kachala, ndipo m'kati mwa kathumba kalikonse muli fumbi loberekera, limene m'kalasi tinkati esporos. Mafeto ena timatumba timeneti amatiunjika m'timadontho tozungulira pakati pa tsamba. Kamgwalangwa kamatibisa pansi pa mpendero. Pellaea wa kaphesi kakuda uja amachitanso chimodzimodzi m'mphepete mwa timasamba take, ndipo n'zosadabwitsa, chifukwa onse awiri ndi a banja limodzi lotchedwa Pteridaceae.

Alongo anga anafunsa funso limene ana anga a sukulu sanandifunsepo. "Nanga maluwa ake amatuluka liti?"

Satuluka. Feto alibe duwa, alibe chipatso, alibe njere. Fumbi lija likauluka n'kugwera pamalo a chinyontho, silimera kukhala feto nthawi yomweyo. Limayamba lamera kanthu kena, kobiriwira, kopyapyala, kogona pansi, kosaposa chikhadabo cha mwana, kooneka ngati mtima umene achinyamata amajambula m'makalata. Pansi pa kanthu kameneko pamakhala ziwalo zachimuna ndi zachikazi, ndipo mbewu yachimuna imachita kusambira m'kadontho ka madzi kuti ikafike kwa yachikazi. Zikakumana m'pamene feto weniweni amaphuka. Ndiye taonani: chomera chimene chimapirira chilimwe chonse pamwala wotentha sichingabereke popanda kadontho ka madzi kokhalitsa pamthunzi. N'chifukwa chake sumakapeza pamwamba pa thanthwe poyera, koma mumng'alu, pansi pa mwala wosendama, mmene chinyezi chimachedwa kuuma.

Iwo anakhala kaye chete, kenako anati, "Ndiye kuti mng'alu umenewu ndi chikuta chake." Zaka zonse za uphunzitsi wanga sindinapeze liwu loposa limenelo.

Tisanatsike ndinadula masamba awiri aatali, okhwima bwino, n'kuwaika m'pepala loyera lopinda. Tsamba la ku Matundo lija ndinaliika m'mbale ya madzi titafika kunyumba. Pofika madzulo nalonso linali litadzutsa mutu n'kutambasula tizala take tonse 31, lozungulira ngati theka la mwezi.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi, mphwanga ananditenga pa mota mpaka m'tsinde mwa Dómuè. Phirili limapitirira mamita 2,000, ndipo ndi lomwe Angoni a kwa Maseko anakhala m'mbali mwake m'zaka za m'ma 1800. Dzina loti Angónia likuchokera kwa Angoniwo. Sitinakwere, miyendo inali idakali ndi za Lachisanu. Tinangoyenda m'matanthwe a m'munsi. Katatu konse mphwanga ndiye anayamba kukaona ine ndisanakaone, ndipo ulendo uliwonse ankagwada kaye, kutsata kaphesi, kuwerenga mphanda, kutembenuza tsamba, kenako n'kutulutsa foni. Zithunzi zabwino kwambiri ndazitumiza kwa mtsikana uja amene anayambitsa zonsezi.

Madzulo tinatsegula pepala lija. Masamba anali atauma, ndipo pansi pake panali kafumbi kofiirira, kosalala kuposa ufa wosefa. Mdzukulu wamkulu anabweretsa chibenthu cha njerwa yootcha. Tinachithira madzi owira kuti tiphe nkhungu ndi njere za udzu, chitazizira tinachikhazika m'mbale yokhala ndi madzi pang'ono, tinagogoda pepala kuti fumbi ligwere pamwamba pake, n'kuvundikira ndi botolo lagalasi lodula kukamwa kwake kwakukulu. Tachiika pawindo pamene pali kuwala koma dzuwa silimenya.

Ndamuuza kuti asavundukule, azingoonetsetsa kuti m'mbale musaume, ndipo pakapita masabata angapo ayambe kuyang'ana ngati njerwa yayamba kuchita msipu. Lupa ndamusiyira. Wafunsa kuti akaona kamtima kaja andiuze bwanji, popeza alibe foni. Mphwanga wati amubwereka yake.

Chapa ya ku Tete imanyamuka pa Ulónguè m'bandakucha, ndiye ndikagone. Kunja yayambanso kuwaza.